Chimbale cha Lucious Chili ndi Mbali Ziwiri

Chicago, 10 Okutobala 1949

Okondedwa Achemwali Ozella,

Landirani moni wa kumpoto kuno. Ine ndili bwino, kungoti mphepo ya kuno imalowa m'malaya osaodira. Kaya inu ndi Amayi muli bwanji? Bondo lawo lija likuwalolabe kufika kutchalitchi? Nanga thonje mwatola lambiri, kapena mzungu mwini munda wayambanso nyimbo yake ija yakuti mbozi zadya zonse?

Pepani kuti ndakhala chete nthawi yaitali. Masana ndikugwirabe ntchito kophera nkhumba, ndipo ndikaweruka fungo ndi lomwe limatsogola, ine pambuyo. Koma nkhani yokoma ndi iyi: ndagula gitala ya magetsi. Achemwali, chinthu chotere simunachimvepo. Ija ndinkaimba pakhonde ndikukhuza khosi la botolo pamawaya ija kunali kunong'ona chabe. Iyi ukangokhudza waya umodzi, munthu wa tsidya lina la msewu amatembenuka.

Muwauze Amayi kuti ndikuimba Lamlungu lililonse m'mawa. Anthu amadzaza, ambiri amachita kuimirira. Ochuluka ndi akwathu komweko, a ku Belzoni ndi ku Yazoo, ndipo ndikakoka mawu monga timakokera kumudzi, azimayi ena amalira, ena amavina mpaka kugwetsa zipewa.

Mukapeza munthu wobwera kuno munditumizireko tsabola wouma wa kuseri kwa nyumba. Wa kuno ndi wofiira chabe, ukali alibe.

Ndatha ine mlongo wanu,
Lucious

Belzoni, Mississippi, 24 Okutobala 1949

Lucious,

Kalata yako yafika, ndipo tathokoza kumva kuti dzanja lako silinathyoke monga tinkaganizira. Kuno tili bwino. Thonje latha, ndipo nyimbo ya mzungu waidziwa kale, sindiwonongerapo pepala.

Amayi andiwerengetsa kalata yako mpaka pepala lafewa. Iwe ukudziwa mmene munasiyanirana, iwo akuti gitala ndi ya Satana, iwe uli pamsewu ndi thumba lako. Ndiye Lamlungu, pa nthawi ya umboni, anadzuka pabenchi yawo ya kutsogolo, ija amakhalapo amayi a mpingo ovala zoyera, nati: "Abale, mwana wanga uja munkati watayika, lero akuimbira Ambuye ku Chicago, anthu mpaka kusowa pokhala." Abusa Crenshaw anati ameni, mpingo wonse ameni. Pearlie wako wakale uja, amene pano ndi mkazi wa Dikoni Mabry, anandigwira dzanja panja nati wakondwera nawe. Amayi atsitsimuka, bondo aliiwala.

Koma ine ndi amene ndinkakusambitsa uli mwana, ndimakudziwa mpaka kuseri kwa makutu. Tchalitchi chakocho dzina lake nchiyani? M'busa wake ndani? Ndayang'ana kalata yako kutsogolo ndi kumbuyo, dzina la Mulungu sindinalipezemo. Undiyankhe.

Za kuno: magetsi afika. Mitengo yake yadutsa mumsewu wa miyala uja, ndipo Lamlungu tinaimba pansi pa getsi. Agogo Odom anakana kukhala pansi pake, akuti lingawadonthere.

Tsabola ndampatsa Mose wa kusitima, msuweni wathu. Amayi akupempha nsalu ya ubweya yomangira bondo.

Mlongo wako,
Ozella

Chicago, 12 Disembala 1949

Achemwali,

Moni. Tsabola ndalandira, zikomo. Iyi muwerenge nokha, kumunda kapena kuseri kwa khola, osati pamaso pa Amayi.

Mwandifunsa dzina la tchalitchi, ndipo ndakhala ndikulemba nkung'amba. Tchalitchi kulibe. Ndimaimba pamsika wa Lamlungu, pakati pa ogulitsa nsapato zakale ndi okazinga anyezi. Mayi wina amatiponyera chingwe cha magetsi pazenera la nyumba yake, ife nkulumikiza. Loweruka ndimaimba kumowa. Ndi nyimbo za kumowa zomwe amati blues, zomwe zija Amayi anandithamangitsira. Sindinalembe kuti tchalitchi, komanso ndinkadziwa mmene Amayi amvere, ndipo ndinafuna kuti amve choncho. Nditawerenga za umboni wawo, chakudya chinandikanika.

Tsopano mvetserani bwino. Mwezi watha azungu a kampani ina yaing'ono anandijambula mawu. Anatilowetsa m'kachipinda kuseri kwa sitolo, ine ndi mnzanga woimba ng'oma. Ndinaimba nyimbo yomwe ndinapekera Amayi, ya chaka chija madzi anasefukira, mmene anandinyamulira paphewa mpaka pamtumbira wotchinga madzi a mtsinje. Dzina lake ndi "Paphewa pa Amayi". Itatha, mzunguyo anati: "Yabwino, koma ya maliro. Chimbale chili ndi mbali ziwiri, mnyamata. Tipatse ina yoti oledzera aseke." Ndinaimba ina yomwe ndimaseketsa nayo anthu Loweruka, dzina lake "Ndikugogoda Pakhomo". Dzinalo lisakupusitseni. Si yoti mayi amve kuchokera pakamwa pa mwana wake.

Anzanga amalembetsa maina abodza pazimbale kuti abale awo opemphera asadziwe. Ine ndinakana, ndinati lembani Lucious Tarpley, dzina la bambo anga.

Ndampatsa Mose bokosi. Muli nsalu ya bondo, chimbale chimodzi, ndi galamafoni ya magetsi, popeza mwati magetsi afika kwathu. Kalatayi sindinaiike m'bokosimo poopa kuti Amayi angalitsegule inu kulibe nkupatsa munthu wina awawerengere. Ndinatenga msomali kuti ndikande mbali inayo, koma dzanja linakana, chifukwa gitala inatuluka bwino kwambiri mmenemo. Choncho ndadalira inu. Muwaimbire m'nyumba, muli awiri, mbali yawo yokha. Akamva imeneyo, mwina zinazo adzandikhululukira. Chimbalecho musachitembenuze.

Mlongo wanu,
Lucious

Belzoni, 20 Disembala 1949

Lucious, mwana wa Amayi,

Moni wa Khirisimasi. Mose wafika ndi bokosi lako, wopanda ngakhale kapepala. Funso langa lija sunaliyankhebe, koma lero ndikusiya, chifukwa ndaona ndi maso anga dzina lathu litadindidwa pachimbale. Amayi sadziwa kuwerenga, koma akhala akuliyendetsa chala ngati akusisita khanda.

Koma iwe, zaka zochepa zomwezi mutu wazizira ndi chipale cha kumeneko? Galamafoni yako ili ndi mchira, ndipo tazungulira nyumba yonse, pobaya mchirawo sitinapapeze. Ndinati magetsi afika kutchalitchi, osati m'nyumba za alimi a mzungu. Ife tikadali pa nyali ya palafini. Kuno mawaya alowa kwa azungu, kutchalitchi, ndi kunyumba ya mowa ya Shug Bolden kunjanji kuja, basi.

Usadandaule, njira yapezeka. Amayi anapita ndi chimbale kwa Abusa. Atawerenga maina a nyimbozo anavula magalasi nati: "Ndikugogoda Pakhomo. Amayi Delphia, mutu umenewu ndi ulaliki kale, mawu a m'Buku Loyera enieni." Ndiye agamula kuti Khirisimasi ino, popeza yagwa Lamlungu, mpingo wonse ukumve usanayambe ulaliki. Ina ija ya Amayi tidzaimva pa chakudya. Amayi achapa kale zoyera zawo, ndipo aitana ndi a mpingo wa kutsidya omwe.

Mlongo wako amene wanyada,
Ozella

Belzoni, 28 Disembala 1949

Lucious,

Moni sindikupatsa. Amayi ali moyo, ine ndili moyo, zikukwanire.

Kalata yako ndailandira dzulo. Inagona kusitolo ya mzungu pansi pa mabuku otsatsa mbewu. Kalaliki pondipatsa anati: "Ozella, ndamva kuti kwanu Khirisimasi inakoma," nkuseka. Ndi azungu omwe amva.

Ndikuuza zonse, kuti nawe usenzeko. Tchalitchi chinadzaza mpaka ana kukhala m'mazenera. Galamafoni anaiika patebulo la mgonero, pansalu yoyera. Abusa anati: "Abale, lero mwana wa Amayi Delphia atilalikira kuchokera ku Chicago osakwera sitima." Anatsitsa singano.

Gitala yako inayamba kulira ngati nkhumba yopanikizika pampanda. Agogo Odom anafunsa mokweza: "Limba la kumpoto limalira chonchi?" Kenaka mawu ako. Amayi anandifinya mkono nati: "Ndi iyeyo."

Unaimba kuti, "Ndikugogoda pakhomo, tsegula ndilowe." Mpingo unati ameni. Unabwerezanso, ndipo azimayi anayamba kukweza manja, wina nkuti, "Lowani, Ambuye." Ndiye unamaliza: "Osati la kumaso, la kuseri, dikoni wako asanabwere."

Mnyamata wina kumbuyo anaseka kudzera m'mphuno. Iwe unapitiriza, kuti mwamunayo ali kupemphero la Lachitatu, iwe uli pampando wake, nsapato wavula kale. Madikoni athu onse akazi awo ndi okalamba kupatula mmodzi, ndipo aliyense akukumbukira amene ankamuperekeza Pearlie pochokera kukwaya. Makosi onse anatembenukira kwa Pearlie. Mtsikana wosalakwa uja anangoyang'ana pansi.

Abusa anathamangira makinawo nkupotoza kabatani, koma anapotozera kolakwika, ndipo unakuwa mpaka malata kulira. Dikoni Mabry anadzuka kuti azule chingwe. Pamenepo Amayi analankhula, osatembenuka: "Dikoni, khalani pansi. Ndakuitanani ndine. Timve zonse pompano, kuti mawa wina asadzandiuze pamsewu zomwe mwana wanga ananena." Ndipo tinamva zonse, Lucious, mpaka singano kuyamba kukanda. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo.

Itatha Amayi anaimirira natuluka pang'onopang'ono pakati pa anthu, bondo likuwavuta, osagwira mkono wa munthu. Chikondamoyo ndi mbatata zomwe tinaphikira mpingo tinabwera nazo osatsegula. Mbali inayo palibe anaitchula.

Ndakwiya nawe, koma nanenso manyazi andigwira. Bodza lako ndinalinunkhiza kalekale. Nditangoona dzina lathu pachimbale ndinatseka mphuno, ndipo makinawo ndinawakweza pangolo ndine, ndikuimba.

Ozella

Chicago, 5 Januwale 1950

Achemwali,

Sindikudziwa ngati ndikadali woyenera kufunsa kuti muli bwanji, komabe ndikufunsa. Amayi akudya?

Tinapita kukaimba kumzinda wa Gary nyengo ya zikondwererozi, ndipo pobwera ndapeza makalata anu awiri pansi pa chitseko. Ndinayamba ndi yoyamba. Nditafika pa mawu a Abusa ndinakhala pansi, yachiwiriyo ndili nayo m'manja, ndikudziwa kale zomwe zilimo.

Za Pearlie, Mulungu ndi mboni, sindinamuganizeko. Poyamba mawuwo anali akuti "mwamuna wako". Tsiku lina ndinangoti "dikoni wako", ndipo nyumba yonse inagwa ndi phwete, chifukwa oledzera onse a kuno anakulira m'tchalitchi. Ndinaisiya choncho pofuna kuseketsa anthu osawadziwa, lero akulira ndi amene ndimawadziwa.

Choipa china nchakuti nyimboyo ikuyenda malonda. Ndikadutsa pakhomo la bala ndimadzimva ndikugogoda, ndiye ndimaoloka msewu. Dzulo mzungu wa kampani anandimenya paphewa nati akufuna ina yonga yomweyo. Ya Amayi palibe amene akuiimba.

Ndinafuna kuti Amayi andimve ndi mawu akulu, ndipo andimvadi. Sindikupempha kuti andikhululukire. Ndikupempha chimodzi: amve mbali inayo, kamodzi kokha. Akaimva nati si ine mwana wawo, ndidzavomera, ndipo sindidzalembanso. Muwafunse ngati kalata yanga ingalowebe m'nyumba mwawo.

Lucious

Belzoni, 13 Febuluwale 1950

Lucious,

Moni. Amayi akudya, pang'ono. Makalata ako onse ndawawerengera, ndi ija ya chinsinsi yomwe, osadumpha liwu. Anamvetsera akusenda mtedza. Nditamaliza anati: "Nkhuku wazitsekera?"

Galamafoni Abusa anaibweza usiku wa Chaka Chatsopano usanafike, atakulunga m'thumba la thonje, nkuisiya pakhonde osagogoda. Ili pansi pa bedi. Ukuti amve mbali inayo. Amvere kuti? Kutchalitchi makinawo sangalowenso, ndipo kwa mzungu sindingapite kukapempha magetsi oti atisekere.

Zoyera zawo azipinda. Palibe anawachotsa pabenchi, anachoka okha, ndipo pano amakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko, pamodzi ndi atsikana otenga mimba. Anthu akawapatsa moni amayankha akuyang'ana nsapato. Pearlie sanapondekonso kutchalitchi.

Madikoni akhala pansi. Agamula kuti Lamlungu loyamba la Malichi Amayi abwere ndi chimbalecho, achiswe pamaso pa mpingo, anene kuti mwana amene anaimba zimenezo samudziwa mpaka atalapa. Akatero abwerera pabenchi yawo. Benchi imeneyo anaipeza ndi moyo wawo wonse, Lucious, china alibe. Ine ndawauza kuti achiswe. Usandide.

Ozella

Belzoni, 4 Malichi 1950

Lucious,

Akulemba ndi Ozella, koma mawu ndi anga, mayi ako. Ndamuuza kuti asakometse kalikonse.

Moni. Nsalu ija ikufunda bwino. Ndamva kuti kumeneko kukuzizirabe, uzivala chipewa.

Mawa ndi tsiku lomwe madikoni anandipatsa. Nyundo ndinaibwereka kale. Koma lero m'mawa ndinati sindinaphepo nkhuku osaiyang'ana mbali zonse. Ndinamuuza Ozella amange bulu, tikweze makina aja. Anafunsa kuti tikupita kuti. Ndinati kwa Shug Bolden. Anati: "Amayi, lero ndi Loweruka, tauni yonse ili mumsewu." Ndinati ndikudziwa masiku.

Chibadwire sindinapondepo pakhomo limene lija. Ndakhala ndikulavula malovu ndikamadutsapo. Lero ndalowapo dzuwa lili paliwombo, anthu ogula mchere ndi palafini ataima kundiyang'ana, mkazi wa Abusa ali pomwepo ndi dengu lake. Mlongo wakoyu anatsala panja, ataima ngati mtengo wa magetsi, atagwira bulu amene samafuna kuthawa.

Mkatimo mumanunkha mlamba wokazinga ndi mowa wa dzulo. Amuna anabisa mabotolo pansi pa matebulo. Shug anavula chipewa nati: "Amayi Delphia, kwagwanji? Wina wamwalira?" Ndinati: "Shug, ndabwera kudzapempha moto wako wa m'khomawo. Ndikufuna kumva mwana wanga." Wina pakona anati: "Ya dikoni ija?" Shug anamuyang'ana, munthuyo anatuluka. Anapukuta mpando ndi malaya ake, ine nkukhala.

Ndaimva. Gitala yakoyo ndi yaphokoso, ndipo sindikuona chifukwa chake munthu angafunire kuti aliyense mumsewu adziwe zomwe zili mumtima mwake. Mawu ako akhwima, akufanana ndi a bambo ako. Komanso wanama pang'ono. Waimba kuti ndinakunyamula ndekha mpaka pamtumbira. Unali wolemera, theka la njira anakubereka ndi Ozella, madzi akumufika m'chifuwa. Ukadzaimbanso umuikemo. Ndimaganiza kuti unali wamng'ono, kuti sungakumbuke zomwe ndinkakuuza kuti usayang'ane m'madzi. Mawu anga omwewo wawaika, osasintha.

Amuna aja anamvetsera mpaka kumapeto. Mmodzi, amene ng'ombe zake ndi mkazi wake zinapita ndi madzi omwewo, anaphimba nkhope ndi chipewa. Ine manyazi sanandichoke. Ndinali ndi manyazi kukhala mmenemo, ndili nawo mpaka pano, ndipo ya dikoni ija sindidzaikhululukira msanga. Ulembere Dikoni Mabry ndi dzanja lako, umuuze chilungamo cha Pearlie. Mwana uja wasenza katundu wako, ndipo sindikufuna kumva kuti wachedwa nazo.

Potuluka ndinapeza msewu wonse ukudziwa. Madzulo ano Abusa atuma mawu akuti nkhani ya benchi yatha, mawa akambirana ngati dzina langa likhalebe mumpingo. Nyundo ndabweza kwa mwini wake. Chimbale ndachikulunga m'zoyera zanga zija.

Mawa ndikaima pamaso pawo. Akandifunsa ngati ndinalowa kwa Shug, ndikavomera. Akandifunsa ngati ndalapa, pamenepo sindikudziwa chomwe ndikanene, chifukwa nyimboyo itatha ndinamuuza Shug kuti aiyikenso.

Ndine mayi ako,
Delphia Tarpley